Kutchena kwa pa foni: suti tikuiona, koma mtengo akutibisa

Sabata yatha ndidali kumudzi ku Phalombe, ndipo poona kuti tsitsi layamba kundichititsa manyazi, ndidalowa m'kanyumba kena kometera pa Migowi. Ndidapeza mzere. Patsogolo panga padali mnyamata wa zaka ngati 19, yemwe nthawi yake itakwana sadayang'ane n'komwe chipepala chija chimapachikidwa pakhoma, chokhala ndi mitu ya anthu ndi manambala ake. Iye adangopisa m'thumba, kutulutsa foni, n'kuyatsa kavidiyo.

"Achimwene, mundimete chonchi."

Wometa uja adaonera kawiri, kenaka n'kuseka. "Kumeta kokha ndikumetani, koma mafuta akudzolawo mkuluyu ine ndilibe."

"Musadandaule, ndaitanitsa kale ku Limbe," adatero mnyamatayo.

Ine poti ndine wa kamwa loyabwa ndidafunsa mtengo wa mafutawo. Atautchula, tonse pabenchipo tidangoti kukamwa yasa! Kabotolo kamodzi kamaposa ndalama yometera kasanu. Nditafunsanso kuti kodi adadziwa bwanji kuti mafutawo ngabwino, adandiyankha mondidabwa: "Si akunena yekha mkuluyu m'vidiyomu?"

Apa ndiye pagona nkhani yanga lero, abale anzanga. Mavidiyo ophunzitsa amuna kavalidwe, kametedwe ndi kakhalidwe adzaza m'mafoni mwathu, pa YouTube, pa TikTok, pa Facebook, ndipo ena amangotumizirana pa WhatsApp. Amabwera ngati malangizo a mkulu wako wokufunira zabwino. Koma ambiri mwa iwo ndi malonda ovala chovala cha malangizo, ndipo amene akulipira ndi mnyamata wa geni ndi mwana wa sukulu yemwe sadauzidwe kuti walowa m'sitolo.

Ndisananene zambiri, ndiyambe ndakana mlandu umodzi. Sindikupempha kuti wina aletse mavidiyowa. Njira imeneyo tidaiyesa kale m'dziko muno ndipo tikudziwa komwe idatifikitsa.

Mu 1973 boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo la kavalidwe, lija lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Amuna nawo sadapulumuke m'zaka zimenezo: tsitsi lalitali udali mlandu, thalauzi lotambalala kumiyendo, lija ankati belu, lidali loletsedwa, ndipo ngakhale alendo otsika ndege ankatha kumetedwa asadaloledwe kulowa m'dziko. Filimu iliyonse inkayenera kudutsa kaye m'manja mwa bungwe lounika mafilimu ndi mabuku, lomwe lidabwera ndi lamulo la 1968. Wayilesi ya kanema kudalibe; TVM idadzatsegulidwa mu 1999, mwini wake wa malamulowo atamwalira kale. Nanga zidathandiza? Funsani atsibweni anu. Akuuzani momwe ankabisira belu pansi pa mphasa, n'kukalivalira kuseri kwa nyumba ya dansi. Referendamu ya 1993 itangodutsa, malamulo a zovalawo adali m'gulu la zinthu zoyambirira kukokoloka.

Anzathu a ku Zaire, komwe lero ndi DRC, adakumana ndi zotembenuza zake. Pomwe wathu ankavala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha ku London, Mobutu adaletsa suti ndi taye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, n'kulamula amuna kuvala chijekete chotchedwa abacost. Chidatsatira n'chiyani? Anyamata a ku Kinshasa adasandutsa kutchena kukhala ngati chipembedzo, gulu lija limatchedwa La Sape, lomwe mizu yake ili kutsidya kwa mtsinje ku Brazzaville, ndipo woimba Papa Wemba adasanduka mfumu yawo mpaka tsiku lomwe adagwa akuimba ku Abidjan mu 2016. Phunziro lake ndi limodzi: mwamuna akafuna kuoneka bwino, ngakhale wapolisi sangamugwire dzanja.

Ndiponso kutengera kavalidwe ka kunja si chinthu chadza ndi foni. Agogo athu a kuno kumunsi kwa Michesi ankaonera matchona obwera ku Joni ndi ku Salisbury. Munthu ankapita ku Wenela kapena ku Theba ali ndi kabudula wa zigamba, n'kubwerako ndi suti, chipewa, nsapato zosongoka ndi gumbagumba paphewa, mudzi wonse n'kukhamukira kukamuona. Ameneyo ndiye adali vidiyo ya nthawi imeneyo. Ife tidakulira m'nyumba za vidiyo za m'misika, zija za jenereta yolira kuseri ndi chiguduli pakhomo, momwe tinkapereka makobidi kuti tione Bruce Lee ndi Van Damme, ndipo filimu isadayambe ankatiikira nyimbo za Kanda Bongo Man, Pepe Kalle ndi Koffi Olomide. Tinkatuluka m'menemo tikuyenda ngati iwo, malaya titapisira mpaka pamchombo.

Tsono chasintha n'chiyani? Zinthu ziwiri.

Choyamba, tchona uja tinkamudziwa. Tinkadziwa kuti suti yakeyo waivutikira zaka ziwiri pansi pa mgodi, tinkamumva akutsokomola usiku, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi tinkamuona akugulitsa gumbagumba ija kuti agule chimanga. Suti tinkaiona, mtengo wake tinkauonanso. Wa m'foniyu timangomuona masekondi 30, atasamba, atayatsiridwa magetsi, ataima pafupi ndi galimoto yomwe sitidziwa ngati ndi yake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri, nyumba ya vidiyo inkatsekedwa. Filimu ikatha mwini wake ankazimitsa jenereta, tonse n'kumapita kwathu. Foni siitsekedwa. Imagona nawe pamphasa, ndipo makina a makampaniwa adapangidwa kuti ukaonera kavidiyo kamodzi ka nsapato mpaka kumapeto, akubweretsere ena khumi a nsapato zomwezo. Iwo amayesa nthawi yomwe diso lako lakhala pa chinthu, ndipo nthawi imeneyo ndiyo amagulitsa kwa otsatsa malonda.

Ndi bwino tidziwe momwe ndalama imayendera m'ntchito imeneyi, pakuti inu a geni mumvetsa msanga kuposa aprofesa. Kale olemba za kavalidwe ka amuna ankalemba nkhani ndi kuika zithunzi. YouTube itabwera mu 2005, ndipo makamaka TikTok itafalikira kuyambira cha m'ma 2017, ambiri adasamukira ku vidiyo. Chifukwa chake n'chosavuta. Kumanga taye n'kovuta kufotokoza ndi mawu, koma n'kosavuta kuonetsa. Jekete pachithunzi ndi jekete basi, koma pavidiyo umaona momwe likugwera pamapewa munthu akamayenda. Koposa zonse, nkhope yolankhula nawe tsiku ndi tsiku imasanduka ngati mnzako, ndipo mnzako akakuuza kuti gula ichi, sufunsa kawiri.

Mnzakoyo amadya m'mbale zinayi. Mbale yoyamba ndi malonda omwe kampani imalowetsa vidiyo isadayambe kapena pakati pake. Pa mavidiyo aataliatali YouTube imapatsa mwini vidiyo 55 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malondawo. Yachiwiri ndi kampani ya zovala, mawotchi kapena mafuta onunkhira yomwe imamulipira kuti atchule katundu wake. Yachitatu ndi komishoni: ukagula podzera pa adiresi yomwe waika pansi pa vidiyo, iye amadulapo yake, chimodzimodzi wojiya wa pa depoti. Yachinayi ndi katundu wake iye mwini. Chitsanzo ndi Aaron Marino wa ku America, yemwe amadziwika pa YouTube ndi dzina loti Alpha M ndipo amatsatidwa ndi anthu mamiliyoni: amaphunzitsa amuna kusamala tsitsi, komanso ali ndi kampani yake ya mafuta a tsitsi yotchedwa Pete & Pedro. Sindikuti ndi wakuba, ayi, iye sabisa. Ndi wamalonda ngati inu nomwe. Koma wamalonda akakuuza kuti tomato wake ndiye wabwino mumsika monse, umadziwa kuti akulankhula ndi mwini tomato.

Kumaiko kwawoko amazidziwa zimenezi. Ku America ndi ku Britain kuli malamulo okakamiza munthu wolipidwa kuti anene poyera kuti izi ndi zamalonda. Koma kavidiyo kakadulidwadulidwa, n'kudutsa m'mafoni khumi pa WhatsApp mpaka kufika pa Chiringa, kachizindikiro kaja kamakhala katagwera panjira. Ndipo abale athu a konkuno omwe ayamba kujambula zotere, ndi angati amatiuza kuti suti avalayo angobwereka m'sitolo ya mnzawo, kuti akatha kujambula akaibweza?

Wina anena kuti, "Inu a nyuzi mwasowa cholemba, nkhani ya malaya n'kukhala nkhani?" Eetu ndi nkhani, chifukwa malaya amagulidwa ndi ndalama, ndipo ndalama ya ku Phalombe tonse tikudziwa komwe imachokera. Imachokera ku nandolo, mpendadzuwa, fodya, mpunga ndi nsomba za ku Chilwa, pakabaza ndi pa kaunjika. Ndi ndalama yobwera kamodzi pachaka, ndipo nthawi zina siibwera n'komwe. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo yemwe limagula kunja, mitengo idagwa pansi, alimi n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda, nyumba ndi anthu, ndipo kumadera ngati Nkhulambe ena mpaka lero sadaimebe bwino. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chochokera kunja chidakwera, kuyambira pa nsapato mpaka pa belo la kaunjika, moti mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe adachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengo.

M'dziko lotere, kavidiyo kouza mnyamata kuti mwamuna weniweni ayenera kukhala ndi nsapato mitundu isanu ndi mafuta onunkhira a m'mawa ndi a madzulo si kosekereza. Mnyamatayo alibe ndalamayo, koma chilakolako wapatsidwa. Mathero ake ndi katapila, kapena kudya mpamba wa geni, kapena kunamiza mayi kumudzi kuti kusukulu akufuna ndalama ya mabuku.

Izi sindikunena zongomva. Ine ndemwe pano sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira. Zifukwa zidali zingapo, ndipo chachikulu chidali fizi, koma ndikanama ndikati ndidalibemo dzanja. Chaka changa choyamba, nditafika mumzinda ndi thalauzi losokedwa ndi telala wa kwathu, ndidadziona ngati mbuzi pakati pa nkhosa. Ndalama yoyamba yomwe ndidagwira ndidathamangira nayo kukagula nsapato ndi jekete zonga zomwe ndinkaona m'mavidiyo a oimba. Mwezi umenewo ndidaumaliza ndi madzi ndi chinangwa, mwezi wotsatira ndi ngongole, ndipo ngongoleyo idabala ana. Nsapato zija zidang'ambika mvula yoyamba. Thalauzi la telala lija ndidalivala zaka zinayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndikulankhula.

Pali chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama. Mavidiyowa sathera pa malaya. Ukayamba ndi kamangidwe ka taye, posakhalitsa makina aja amakubweretsera wina wokuuza momwe mwamuna weniweni ayenera kuyendera, kulankhulira ndi kuonera akazi. Ena mwa aphunzitsi amenewa amalalikira kuti munthu wopanda galimoto si munthu, ndipo mkazi ndi katundu wogulidwa ndi wotchi yonyezimira. Kuno kwathu kwa Alhomwe, komwe mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi ndipo amayesedwa ndi khasu, nkhokwe ndi ulemu wake kwa apongozi, chiphunzitso chotere chikumanga anyamata omwe sakukwanira kulikonse: kumudzi akudziona apamwamba, m'tauni akuonedwa amphawi.

Komatu tisataye nkhwangwa ndi mpini womwe. Zabwino zilimo, ndipo ndikhala wabodza ndikapanda kuzitchula. Wometa wa pa Migowi uja adandiuza kuti mametedwe atsopano onse adawaphunzira pa foni, popanda kulipira sukulu. Ndikudziwa mnyamata wamasiye yemwe adaphunzira kumanga taye ndi kusita kolala usiku woti mawa lake akukayesedwa ntchito, poti adalibe bambo womuonetsa. Vidiyo siifuna kuti udziwe Chingerezi chambiri. Maso okha akwana. Ndipo ukhondo, kusamba, kuchapa, kupolisha nsapato, kuwenga zikhadabo, palibe angatsutse. Vuto si vidiyo. Vuto ndi loti amene akujambula si ife, ndipo sakujambulira ife.

Taonani nokha. Akukuphunzitsa kuvala malaya atatu pamwamba pa anzake chifukwa kwawo kukugwa chisanu choyera, iwe uli pa chigwa cha Phalombe mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Akukuuza za nsapato zoyera mbee, iwe ulendo wako ndi wa pakabaza m'fumbi la ku Nambazo. Akukuuza kuti suti isachapidwe ndi madzi koma ipite ku makina apadera, iwe uli ndi sopo wamtanda ndi simbi ya makala. Malangizowo si abodza, koma ndi a mudzi wina.

Pamene tikuyang'ana mudzi winawo, akatswiri athu ali pakhonde akuwodzera. Pa sitolo iliyonse ya pa Phalombe boma, pa Migowi, pa Mulomba, pali telala ndi makina ake opalasa ndi phazi. Munthu ameneyu amatha kutenga jekete la pa kaunjika lalikulu ngati thumba la fetereza, kulibweza m'mbali, kulidula manja, n'kukupatsa chinthu chokukhala ngati udabadwa nacho. Chodabwitsa n'choti aphunzitsi enieni a kavalidwe a kunjako, ukawamvetsera bwino, mfundo yawo yaikulu ndi yomweyo: chovala chotchipa chokukwana chimaposa chodula chosakukwana. Iwo amalipira ndalama zambiri kuti apeze telala. Ife tili naye pakhomo, koma tikumudutsa n'kumakaoda zinthu za pulasitiki zomatidwa dzina la kampani yomwe siidazipange.

Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, kutilimbikitsa kugula zathu. Mawu abwino. Koma mnyamata sagula chinthu chifukwa nduna yalankhula pa msonkhano; amagula chomwe waona chikukhala bwino pathupi la mnzake. Ngati nkhondo ya kavalidwe ikumenyedwera pa foni, ndiye kuti telala, wosoka nsapato ndi wa kaunjika alowe pa foni pomwepo.

Apa ndiye ndikukupemphani inu a geni ndi inu ana a sukulu kuti mugwirane manja, pakuti wina ali ndi katundu, wina ali ndi luso la foni. Jambulani zathu. Tionetseni belo likutsekulidwa m'mawa pa msika, ndi momwe munthu wodziwa amasankhira malaya: kuyang'ana kolala, m'khwapa, mabatani ndi msoko. Tionetseni jekete lisadapite kwa telala ndi litabwerako. Tiphunzitseni kusita malaya oyera ndi simbi ya makala osawadetsa, kusunga nsapato nthawi ya dzinja, kusoka malaya a chitenje oti munthu n'kulowa nawo mu ofesi. Lankhulani Chichewa, ndipo amene angathe alankhule Chilhomwe, agogo nawo aseke. Simufunika makamera a mamiliyoni. Foni yomweyo, dzuwa la m'mawa ndi mnzako wogwira dzanja losanjenjemera zakwana. Phindu lanu musaliyembekezere kuchokera ku America. Lidzabwera ndi makasitomala omwe adzafunse kuti telala ameneyu amakhala pati.

Koma pojambulapo musatengere matenda omwe tikudandaula nawowa. Tchulani mtengo. Nenani kuti jekete ili ndagula mwakuti, telala ndamulipira mwakuti, zonse pamodzi mwakuti. Ngati mwini sitolo wakulipirani kapena wakubwerekani chovala, nenani poyera. Palibe manyazi pa malonda, manyazi ali pa kubisa. Nalo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, lomwe ntchito yake ina ndi kuteteza ogula ku malonda onyenga, litsegule maso: malonda a masiku ano sali pa zikwangwani za m'misewu pokha, ali m'matumba mwa ana athu.

Kwa inu oonera, ndikusiyirani mafunso atatu oti muzidzifunsa kavidiyo kasadathe. Kodi munthuyu akudya chiyani ndikagula? Kodi chinthuchi chikugwirizana ndi dzuwa, fumbi ndi ntchito yanga? Kodi ndikachigula, mpamba wanga kapena fizi yanga itsala bwanji? Safunsa adadya phula. Ngati mayankho ake akukukhutiritsani, gulani, tchenani, ndipo tikakumana pa msewu ndidzakuyamikirani ndine. Kutchena si tchimo. Agogo athu omwe ankalima thangata m'minda ya azungu ankasungabe malaya amodzi oyera a Lamulungu, chifukwa munthu wosauka nayenso ali ndi ufulu woyenda mutu uli m'mwamba. Koma malayawo adali awo, olipiridwa, ndipo usiku ankagona tulo.

Mnyamata wa pa Migowi uja adametedwa bwino ndithu, ndisaname. Adadziyang'ana pagalasi kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumwetulira. Pofika polipira adayamba kupapasa m'matumba, kenaka n'kunong'oneza wometa uja kuti yotsalayo abweretsa Loweruka, poti ndalama yonse yapita ku mafuta aja. Wometa adangopukusa mutu, n'kutsegula kakope kake ka ngongole, komwe ndidaona kuti masamba ake atsala pang'ono kutha.

Mkulu wa m'vidiyo uja yake adalandira kale. Amene akudikira Loweruka ndi wa kwathu konkuno.